Lipoti la Nkhani: CV Yobwereka ya Mayi Wofuna Udindo wa Manijala Wamkulu ku Dedza

Ntchito yanga ndi yolangiza mabungwe pa kalembedwe ka antchito, ndipo kawirikawiri ndimagwira ndi mabodi a makopaletivi, masukulu a mishoni ndi mabungwe ang'onoang'ono a m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Kuwonjezera apo ndimathandiza anthu paokha amene akufunsira maudindo akuluakulu. Lipotili likufotokoza za mayi wina amene ndinawathandiza kulembanso CV yawo pamene ankafuna udindo wa manijala wamkulu. Mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe kuti ena aphunzirepo, koma dzina lawo, mayina a mabungwe okhudzidwa ndi ziwerengero za chuma cha mabungwewo ndazisiya, popeza ndi za eni ake.

Mwini nkhani ndi udindo umene ankaufuna

Mayiwa ali ndi zaka za m'ma 40. Anayamba ndi dipuloma ya zaulimi, nagwira ntchito ya ulangizi wa alimi kwa zaka zingapo, kenako anakachita digiri ya malonda a zaulimi ku Bunda. Atatuluka m'boma analowa bungwe lina lomwe si laboma, ndipo pulojekiti ya kumeneko itatha analembedwa kukhala manijala wa kopaletivi ya alimi a mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya kumtunda kwa Dedza, kumene anali atakhala zaka zoposa zisanu pa nthawi imene tinakumana.

Udindo umene unalengezedwa m'nyuzipepala unali wa manijala wamkulu wa mgwirizano wa makopaletivi angapo. Wolembedwa pa udindo wotere amayankha kwa bodi yosankhidwa ndi mamembala, amayang'anira antchito, nyumba zosungiramo zokolola, galimoto ndi ngongole ya zipangizo za ulimi, amakambirana mitengo ndi ogula akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komanso amaonetsetsa kuti mabuku a chuma awunikidwa ndi maodita chaka ndi chaka monga momwe lamulo la makopaletivi la 1998 limafunira. Kunena zoona, mayiwa anali akugwira kale pafupifupi ntchito zonsezi, kungoti pa bungwe laling'ono.

Dandaulo lawo linali lakuti anali atatumiza makalata ofunsira maudindo otere kambirimbiri koma sanaitanidwepo ku intavyu ngakhale kamodzi. Iwo ankakhulupirira kuti chimene chikuwagwetsa ndi kusowa digiri yachiwiri, ndipo anali pafupi kutenga ngongole ku banki kuti akayambe maphunzirowo. Ndinawapempha kuti ayambe adikira kufikira titaona chimene mabodi ankalandira kuchokera kwa iwo.

CV imene anabwera nayo

CV yawo inali ya masamba asanu ndi awiri, yolembedwa m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha dziko lathu, yotayipidwa mwaudongo, yopanda zolakwika zambiri za kalembedwe. Nditawafunsa kumene inachokera, sanabise. Mnzawo wa kusukulu, amene anapeza ntchito yabwino ku bungwe lina lakunja ku Lilongwe, anawatumizira CV yake pa WhatsApp n'kuwauza kuti angosintha dzina, masukulu ndi malo a ntchito. Mnzawoyo anachita izi mwa chikondi, ndipo ambiri a ife tinathandizidwapo kapena kuthandiza ena mwa njira yomweyi.

Ndime yoyamba inkati iwo ndi mtsogoleri wa masomphenya, wolimbikira, wodziwa kugwira ntchito ndi anthu, wotha kupirira pa nthawi ya phuma, ndiponso wofuna malo amene angagwiritsepo luso lake pothandiza bungwe kukwaniritsa zolinga zake. Ndimeyi ndinaizindikira ndisanafike kumapeto kwake, chifukwa ndaiwerengapo, mawu ake omwewo ndi dongosolo lake lomwelo, pa ma CV a anthu osadziwana konse amene ankapikisana pa udindo umodzi. Malo ena otayipira ndi kupanga fotokope amasunga CV imodzi pa kompyuta imene amangoidzaza kwa aliyense wobwera, ndipo masiku ano ena amauza ChatGPT kuti iwalembere popanda kuipatsa mbiri yawo yeniyeni, motero zotuluka zake zimafanana mofananamo.

Pansi pa ntchito iliyonse panali mndandanda wa zoyenera kuchita, wotengedwa m'kalata ya udindo: kuyang'anira antchito, kukonza bajeti, kulemba malipoti, kupezeka pa misonkhano. Panalibe mzere ndi umodzi womwe wonena chimene chinasintha pa bungwelo chifukwa chakuti iwo analipo. Masamba awiri athunthu anali a misonkhano ndi maphunziro a masiku awiri kapena atatu amene anakhalapo kuyambira ali mlangizi wa alimi. Panalinso chipembedzo chawo, mtundu wawo, mudzi, mfumu yaikulu ndi chiwerengero cha ana, zinthu zimene chilengezo cha ntchito sichinafunse. Anthu owachitira umboni anali abusa a mpingo wawo, mkulu wina wandale ndi mphunzitsi wawo wakale, onse anthu olemekezeka, koma panalibe amene anawaonapo akugwira ntchito ya umanijala.

Choopsa kuposa zonse chinali zotsalira za mwini CV. Mzere wina unkati iwo anayang'anirapo thandizo la madola ochuluka m'mayiko angapo, wina unkati amadziwa pulogalamu ina ya pa kompyuta yowerengera chuma imene sanaigwiritsepo, ndipo pa tsamba lachinayi panatsala dzina la boma lina la kumpoto kumene sanagwireko ntchito. Atawaona mizereyi anadzidzimuka, chifukwa sanali ndi cholinga chonamiza aliyense: anangoiona ngati mawu okometsera amene CV ya munthu wamkulu iyenera kukhala nawo.

Chifukwa chake CV yotere imagwetsa munthu wofuna udindo waukulu

Pa ntchito yoyambira, wolemba ntchito amafuna kudziwa ngati munthu ali ndi satifiketi yoyenera ndiponso ngati angaphunzitsike, ndipo ma CV a ofunsira ntchito zotere amafanana ndithu chifukwa mbiri zawo n'zazifupi. Pa udindo wa manijala wamkulu zinthu zimasiyana. Pafupifupi onse ofunsira amakhala ndi digiri ndi zaka zimene chilengezo chatchula, kotero mapepala a sukulu amangomulowetsa munthu pa mulu koma samusiyanitsa ndi anzake. Chimene bodi ikufunafuna ndi nzeru zogamulira zinthu. Mamembala a bodi akufuna kudziwa zimene munthuyo anasankha kuchita pamene ndalama zinachepa, pamene alimi anakwiya, pamene wamkulu wina anafuna kupotoza malamulo, ndiponso zimene zinatsatira. Zimenezi sizingakopedwe kwa wina, chifukwa palibe anthu awiri amene anakumana ndi mavuto ofanana pa malo ofanana n'kugamula mofanana. Wokopera CV amachotsa mbali yokhayo imene ikanamuonetsa kuti ndi woyenera, n'kusiya mbali imene aliyense ali nayo.

Chachiwiri n'chakuti bodi ya mgwirizano wa makopaletivi ku Dedza si ofesi ya bungwe lakunja ku Lilongwe. Pa bodi yotere pamakhala alimi, mwina mphunzitsi wopuma pa ntchito, mwina wamalonda, anthu amene anasonkha masheya ndi ndalama za m'thumba mwawo ndipo ena anaonapo manijala akuthawa ndi chuma cha gulu. Akawerenga za madola ndi mayiko angapo sagoma ayi, koma amayamba kukayika ngati munthuyu angakhalitse kumudzi, ngati angakhutire ndi malipiro awo, ndiponso ngati akudziwa mmene mlimi wa kachewere amaganizira mwezi wa Malichi pamene m'nyumba mulibe ndalama. CV ya mnzawoyo inali yabwino kwa mwini wake ndi kwa bungwe limene anailembera, koma kwa bodi iyi inkayankha mafunso amene palibe anafunsa.

Palinso mbali ya malamulo imene anthu ambiri saiganizira. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, pa gawo 59, limalola wolemba ntchito kuchotsa wantchito popanda chidziwitso ngati alibe luso limene iye mwini anaonetsa kuti ali nalo, kaya ananena poyera kapena anangochititsa kuti ziganiziridwe motero. Lamulo lomwelo limalola nthawi yoyesedwa yofika miyezi 12 kwa wantchito waluso. Ndinawafotokozera mayiwa kuti mzere wa pulogalamu ya pa kompyuta uja, ukanawapezetsa ntchito, ukanakhala chida m'manja mwa aliyense wofuna kuwachotsa, ndipo m'dera limene anthu a makopaletivi amadziwana kuyambira ku Linthipe mpaka ku Tsangano, mbiri yochotsedwa chifukwa cha bodza imamutsata munthu kwa nthawi yaitali.

Mmene tinagwirira ntchito

Sitinakonze CV yakaleyo, koma tinaiika pambali n'kuyamba pa pepala loyera. Poyamba tinawerenga chilengezo cha ntchito mzere ndi mzere, ndipo mayiwa anafunsa kwa anthu odziwa za mgwirizanowo kuti amve zimene zinkasautsa bodi. Zinadziwika kuti nkhawa zawo zazikulu zinali ngongole ya feteleza imene sinkabwezedwa mokwanira, mamembala ogulitsa zokolola kwa mavenda m'malo mobweretsa ku gulu, ndi mabuku a chuma amene ankachedwa kuwunikidwa.

Kenako ndinawapempha kuti abwere ndi zolembedwa za misonkhano ya bodi yawo, malipoti a maodita ndi mabuku a ngongole, atapempha kaye chilolezo kwa wapampando wawo, ndipo tinakambirana chaka ndi chaka. Sindinawafunse kuti ntchito yawo inali yotani. Ndinkawafunsa kuti chinavuta n'chiyani chaka chimenecho, anachitapo chiyani, ndani anatsutsa, ndipo mapeto ake anali otani. Apa ndi pamene panatulukira munthu wosiyana kotheratu ndi amene anali pa masamba asanu ndi awiri aja.

Nkhani yoyamba inali ya thumba la ngongole yozungulira. Kopaletivi yawo inkabwereketsa feteleza kwa mamembala, iwo n'kubweza ndalama akakolola, ndipo ndalamazo zinkakhala ku banki kufikira mvula itayandikira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, mayiwa anaona kuti ngakhale mlimi aliyense atabweza ngongole yake yonse, thumbalo lidzagula matumba ochepa kuposa amene linabwereketsa, ndipo pakapita zaka zochepa lidzatha lokha popanda wakuba. Anapita ku bodi ndi maganizo awiri: kuti ngongole iziwerengedwa pa matumba a feteleza m'malo mwa makwacha, ndiponso kuti ndalama zikangotoleredwa miyezi ya kukolola zizigulidwa feteleza nthawi yomweyo. Ena pa bodi anakana poopa kuti mamembala aona ngati chiwongoladzanja chakwera, ndipo zinatengera kuyenda m'makalabu onse kukafotokoza, kuwerengera pamodzi ndi alimi pa bolodi, kuti msonkhano waukulu wa pachaka uvomereze. Pamene kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wa kopaletiviyo anali kale m'nyumba yosungiramo katundu. Nkhani yonseyi sinali pa CV ngakhale ndi liwu limodzi, ndipo nditawafunsa chifukwa chake anayankha kuti ankaiona ngati ntchito wamba ya kumudzi imene anthu a mu ofesi sangaiwerengere.

Nkhani yachiwiri inali ya mavenda. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 amaona mbatata, kabichi ndi tomato zoyalidwa pa Chimbiya, pa mphambano ya ku Bembeke ndi pa Lizulu, ndipo amadziwa kuti venda amalipira pompopompo. Kopaletivi inkapereka mtengo wabwinopo, koma inkalipira pokhapokha wogula wamkulu atalipira, nthawi zina patapita masabata angapo, ndipo mlimi wokhala ndi mwana wobwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi sangadikire. Manijala wina akanangoopseza mamembala ndi chindapusa. Mayiwa anakambirana ndi wogula mmodzi kuti azipereka gawo la ndalama katundu asananyamulidwe, ndipo gawolo linkatumizidwa kwa mlimi pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo limene wabweretsa zokolola. Mabuku anaonetsa kuti katundu wobwera ku gulu anachuluka m'nyengo zotsatira, ndipo ziwerengero zake tinazitenga m'malipoti owunikidwa, osati m'mutu.

Panalinso ntchito yosonkhetsa gawo la alimi pamene kopaletiviyo inkafunsira thandizo ku pulojekiti ya boma yotukula ulimi wa malonda ya AGCOM, imene inkafuna kuti gulu lipereke 30 peresenti ya mtengo wa chimene likufuna kuchita, mbali ina m'ndalama, mbali ina m'zipangizo ndi ntchito ya manja. Iyi tinailemba mwachidule.

Ziwiri zina zinafuna kusamala. Nthawi ina mayiwa anakana kutulutsa ngongole kwa m'bale wa membala wina wa bodi amene anali ndi ngongole yakale yosabweza, ndipo mkangano umene unabukawo unatha ndi lamulo latsopano la gulu lakuti membala wa bodi azituluka m'chipinda pokambirana nkhani yokhudza abale ake. Pa CV tinangolemba za lamulolo ndi chaka chimene linavomerezedwa, osatchula mkangano kapena munthu, chifukwa bodi yatsopano ikaona munthu akuyalutsa mabwana ake akale imadziwa kuti mawa idzakhala iyo. Chinanso chinali chaka chimene kopaletivi inagula mbewu ya kachewere kwa wogulitsa wosadziwika bwino, mbewuyo n'kubweretsa matenda ofotetsa mbatata m'minda ya mamembala ena. Pambuyo pake mayiwa anakhazikitsa dongosolo logula mbewu kwa alimi ochulukitsa mbewu odziwika ndi kuona minda yawo mbewu isanakumbidwe. Pa CV tinalemba dongosololo, ndipo tinagwirizana kuti akafunsidwa ku intavyu za chinthu chimene chinawalakwikapo, afotokoze nkhani ya mbewuyo mosabisa.

Pamene tinasiyana maganizo

Gawo lovuta la ntchitoyi silinali kupeza zoti tilembe, koma kuwachititsa mayiwa kuvomera kuti zilembedwe m'dzina lawo. Anandiuza kuti kulemba kuti iwo ndiwo anasintha kayendetsedwe ka ngongole kukumveka ngati kudzitama, popeza bodi ndiyo inavomereza ndipo alimi ndiwo anabweza. Nkhawa imeneyi ndimailemekeza, ndipo ndimakumana nayo kawirikawiri, makamaka kwa amayi ndi kwa anthu amene anakulira m'makomo ophunzitsa kuti munthu ayamikiridwe ndi ena osati ndi pakamwa pake. Ndikukhulupirira kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zenizeni zimene anthu aulemu wawo amakoperera ma CV. Si ulesi nthawi zonse. Mawu obwereka onena kuti munthu ndi mtsogoleri wa masomphenya samuchititsa manyazi chifukwa iye mwini sawamva ngati ake, pamene chiganizo chonena chimene anachitadi chimamuika poyera.

Ndinawaonetsa kuti CV yakale ndiyo inali yodzitama, chifukwa inkawatamanda ndi mawu opanda umboni, pamene yatsopanoyi inkangonena zimene zinachitika ndi kusiyira wowerenga kuti aweruze yekha. Tinagwirizananso kuti chiganizo chilichonse chizisiyanitsa gawo lawo ndi gawo la ena. Pa nkhani ya ngongole tinalemba kuti iwo anakonza ndi kupereka ku bodi ndondomeko yowerengera ngongole pa matumba a feteleza, kuti msonkhano waukulu unaivomereza, ndiponso kuti thumbalo linasunga mphamvu yake yogulira pamene kwacha inagwanso mu Novembala 2023. Palibe amene analandidwa ulemu wake m'chiganizo chimenechi, ndipo wapampando wawo akanatha kuchitsimikiza liwu ndi liwu.

Anafunanso kusunga ndime yoyamba yakale, poti anamva kuti mabungwe akuluakulu amasefa ma CV ndi kompyuta yofufuza mawu ena ake, ndipo CV yopanda mawuwo imatayidwa munthu asanaione. N'zoona kuti mabungwe ena, makamaka akunja, amalandira makalata kudzera pa intaneti ndipo amagwiritsa ntchito mapulogalamu osefera. Koma mawu amene amafufuzidwa amachokera m'chilengezo cha ntchito yomweyo, osati m'CV ya munthu wina amene anafunsira ntchito ina zaka zapitazo. Njira yoyenera ndi kugwiritsa ntchito mawu a m'chilengezocho paliponse pamene akugwirizana ndi zimene munthu anachitadi, ndi kuwasiya pamene sakugwirizana. Pa udindo uwu, makalata ankaperekedwa pa manja kapena pa imelo ndipo ankawerengedwa ndi komiti ya anthu.

Kusiyana kwina kunabuka pamene anaona chilengezo chachiwiri, cha mkulu wa mapulogalamu ku bungwe lina la ku Lilongwe, nafuna kuti CV imodzi ikwanire maudindo onse awiri. Ndinawakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mbiri yawo inali imodzi ndipo sitikanaisintha, koma bodi ya alimi inkafuna kuona munthu wa malonda ndi wosunga chuma, pamene bungwe la ku Lilongwe linkafuna kuona munthu wodziwa kuyendetsa pulojekiti ndi kulembera malipoti opereka thandizo. Tinalemba ma CV awiri. Pa yachiwiriyo zaka zawo za ku bungwe lomwe si laboma ndi ntchito ya AGCOM zinabwera patsogolo, nkhani ya mavenda n'kufupikitsidwa kukhala mzere umodzi.

CV yatsopano

CV ya udindo wa manijala wamkulu inatuluka ya masamba atatu. Inayamba ndi ndime ya mizere inayi yonena kuti iwo ndi manijala wa kopaletivi ya alimi ku Dedza, zaka zimene agwira, kukula kwa gulu ndi chuma chimene amayang'anira, ndi mbali zitatu zimene ali nazo umboni, zomwe zinali zomwezo zimene zinkasautsa bodi. Pansi pa ntchito iliyonse tinaika chiganizo chimodzi chofotokoza bungwelo, popeza wowerenga sangadziwe yekha kukula kwake, kenako zimene anachita ndi zotsatira zake. Ntchito ya ulangizi wa alimi tinaifupikitsa koma sitinaichotse, chifukwa kwa bodi ya alimi, munthu amene anapalasapo njinga m'midzi ali ndi mwayi umene wochokera mu ofesi alibe. Pa maphunziro afupiafupi tinasiya okhawo okhudza chuma ndi utsogoleri wa makopaletivi. Tinawonjezera kuti amalankhula Chichewa ndi Chingerezi ndipo amamva Chipwitikizi pang'ono, chinthu chothandiza m'dera limene malonda a zokolola amadutsa malire a Angonia, dera la ku Mozambique, tsiku ndi tsiku. Chipembedzo, mtundu ndi chiwerengero cha ana tinachotsa.

Owachitira umboni tinasintha onse. Tinaika wapampando wakale wa kopaletivi yawo, munthu wina amene anali bwana wawo ku bungwe lomwe si laboma lija, ndi mkulu wa kampani ina yogula zokolola amene anachita naye malonda. Mayiwa anawaimbira onse atatu, kupempha chilolezo ndi kuwatumizira CV kuti aone zimene zalembedwa. Mmodzi wa iwo anakonza chaka chimene tinalakwitsa pa ntchito ina, ndipo ndi bwino kuti anatero bodi isanamufunse.

Pomaliza tinayesa mzere uliwonse ndi mafunso awiri: kodi angaufotokoze kwa mphindi zingapo popanda kuyang'ana pepala, ndipo kodi pali chikalata kapena munthu amene angautsimikize? Mizere iwiri inalephera ndipo inachotsedwa, ngakhale inali yoona, chifukwa mabuku a nthawi imeneyo sanapezeke.

Zotsatira

Mgwirizano wa makopaletivi uja unawaitana ku intavyu. Malinga ndi zimene anandifotokozera, komiti inatha nthawi yambiri pa nkhani ya ngongole ya feteleza, ndipo membala wina wachikulire anawapanikiza ndi mafunso a mmene anathanirana ndi alimi amene ankaona kuti kuwerengera pa matumba n'kuwabera. Anayankha mosavutika chifukwa ankangofotokoza zimene anadutsamo. Funso la chimene chinawalakwikapo linabweradi, ndipo anafotokoza za mbewu ija. Bodi inaimbira awiri mwa owachitira umboni, kenako inawapatsa udindowo ndi nthawi yoyesedwa ya miyezi 6.

Bungwe la ku Lilongwe silinawaitane. Chilengezo chake chinanena momveka kuti digiri yachiwiri ndi yofunika, ndipo palibe kalembedwe ka CV kamene kakanalowa m'malo mwake. Sindinganenenso kuti CV yokha ndiyo inawapezetsa ntchito ya ku Dedza, chifukwa intavyu, umboni wa anthu ndi mbiri yawo m'dera zinagwira ntchito yake, ndipo tonse tikudziwa kuti pali malo ena kumene udindo umakhala utaperekedwa kale chilengezo chisanatuluke. Chimene ndingatsimikize n'chakuti munthu yemweyo, ndi mapepala a sukulu omwewo, amene sankaitanidwa n'komwe, anaitanidwa ulendo woyamba umene bodi inawerenga za ntchito yake yeniyeni.

Maganizo a digiri yachiwiri sanawataye, koma anaimitsa ngongole ya ku banki ndipo akufuna kuyamba maphunzirowo akakhazikika pa udindo, mwina bungwe likuthandizapo. Pakali pano ndinawalangiza kuchita maphunziro afupi a kawerengedwe ka chuma, popeza pa mbali imeneyi amadalira kwambiri akauntanti, ndipo pa mgwirizano waukulu ayenera kutha kufunsa maodita mafunso oyenera. Ndinawapemphanso kusunga kabuku kolembamo chigamulo chilichonse chachikulu chimene apanga, tsiku lake, amene anavomereza ndi zotsatira zake, kuti mizere ina isadzatayikenso chifukwa chosowa umboni.

Patsala nkhani imodzi imene sinathe. Mayiwa anakumbukira kuti CV yakale ija anaipereka kale kwa achinyamata awiri a pa kopaletivi yawo yakale, mlembi wa chuma ndi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, amene nawonso anasintha dzina n'kuyamba kuitumiza. Awaimbira onse awiri kuti asiye kuigwiritsa ntchito, ndipo tagwirizana kuti abwere ndi makalata awo a udindo pamodzi ndi mabuku amene amasunga, kuti aliyense alembe yake.